Sabata ya kuchikamwini, kunsi kwa Chambe

Lolemba

Minibasi ya ku Mulanje ndakwerera ku Limbe, ndipo ndachita kusankha yodzera ku Thyolo ngakhale ya Midima ndiyo yachidule. Ndimafuna ndionenso tiyi. Ukangodutsa Bvumbwe maso amakhuta, tiyi uku ndi uku, wodulidwa msinkhu umodzi mpaka kuseri kwa zitunda. Koma uziyang'ananso pamene tiyiyo wathera. Pamenepo nyumba zathithikana, ndipo munda wa banja lonse ungauzungulire usanamalize kupatsana moni ndi mwini wake. Tiyi adayamba kubzalidwa ku Mulanje cha mu 1891, esiteti ya Satemwa ku Thyolo idayamba mu 1923, ndipo malo abwino adapita nthawi imeneyo, m'masiku a thangata. Mpaka lero amuna ambiri a kuno ali m'maesiteti, ku Limbe kapena ku Joni. Otsala pamudzi ndi amayi, ana ndi nkhalamba.

Chondiyendetsa n'chaching'ono. Akazi anga andituma kuti ndikaone denga la khitchini ya amayi awo mvula isanayandikire, poti iwo sanapeze tchuthi. Mkamwini sakana zotere.

Pa Chitakale ndatsika chiperoni chikuwaza, phiri lonse litabisala. Wakabaza wa njinga yamoto wanditengera mumsewu wa ku Likhubula, kenako tapatukira kanjira ka m'minda ya nandolo ndi chinangwa. Pakhomo ndapeza alamu anga aamuna okha, amene amanyamula katundu wa alendo okwera phiri. Ndafunsa za amayi, iwo n'kuseka: "Alamu, amenewo mukawafuna masana muziyambira kumpope."

Apongozi afika dzuwa litalowa, buku la hadikava lili m'khwapa, makiyi ali pa chingwe m'khosi. Akhala poteropo pa mphasa, ine pa mpando, monga mwa mwambo, tapatsana moni mosayang'anizana kwambiri. Afunsa za zidzukulu mmodzimmodzi. Za denga sanatchule n'komwe. Angoti mawa kuli ntchito, madzi akutuluka mofooka kuyambira dzana.

Lachiwiri

Mpope wauma. Mmene ndimadzuka n'kuti ndowa ndi zigubu zitandandalika kale mzere wautali, eni ake atabwerera kunyumba kukasesa.

Apongozi ndi msungichuma wa komiti ya mpope, ndipo lero ndaliona bwino buku lija. Masamba ake adawalemba mizere ndi bolopeni, kumanzere mayina a makomo, pamwamba miyezi. Wapereka amamuchonga. Mayina ena ali ndi kamtanda kutsogolo kwake, ndipo amenewo ndi a nkhalamba ndi makomo a ana amasiye, amene msonkhano wa mudzi udagwirizana kuti azitunga osapereka. Kumapeto kwa buku kuli zogula: guluu, mutu wa mpope, loko, thumba la simenti lokonzera pochapira. Malisiti adawabaya ndi phini ya thewera. Sukulu adalekezera sitandade 5, koma masamu a m'bukumo simungawapezere potsutsa.

Tanyamuka anthu angapo kutsata paipi chokwera, tikutsogoleredwa ndi bambo wina wachikulire amene kale ankathandiza pulambala pa esiteti. Ndiye amakonza mapaipi a midzi ingapo ya kuno, ndipo salipidwa, kupatula nsima ya pakhomo limene wagwirapo. Amayenda maso ali pansi, kufuna pamene udzu wabiriwira mosayenera nyengo ino. Tapapeza m'munda wa chinangwa, dothi lachita thope. Wina pokumba adatema paipi ndi khasu, n'kungokwirira, n'kukhala chete.

Kakonzedwe kake ndakaonerera nditanjuta. Mnyamata wathamangira kumtunda kukatseka madzi. Bamboyo adula mbali yong'ambika ndi sowo, asonkha kamoto ka mapesi, n'kuyamba kuwamba nsonga ya chidutswa cha paipi yapulasitiki, akuitembenuza pang'onopang'ono kuti isapse. Itafewa alowetsamo nsonga ya inzake kuti pakamwa pake pakule, aiviika m'madzi kuti iume momwemo. Guluu anali atatsala wa pansi pa chitini, achita kukomba ndi kamtengo. Pomaliza akulunga polumikizapo ndi mphira ya chubu cha njinga, akukoka ndi mano. Madzi atatsegulidwa tonse tinangoti duu kuyang'ana. Sipanadonthe.

Tikutsika andifotokozera mmene madziwa adabwerera. Mipope ya m'midzi yoyenda yokha, yopanda injini, idayambira ku Chingale ku Zomba mu 1968, ndipo posakhalitsa idafika kuno ku Chambe. Boma linkapereka mapaipi ndi amisiri, koma ngalande ankakumba ndi anthu eni ake, mudzi uliwonse chigawo chake, tsiku lake. Iwo akuti ali mwana ankaperekera bambo awo chakudya kungalandeko. N'chifukwa chake paipi ikaphulika sayembekeza munthu wa ku boma. Ya makolo athu iyi, atero.

Masiku ano madzi a Likhubula amafikanso mpaka mumzinda wa Blantyre kudzera ku Nguludi. Ntchito imeneyo isanayambe anthu ena a kuno adaletsa, ankati ayambe abzala mitengo m'phirimo. Ine amene ndimatsegula mpope m'tauni osaganiza kanthu ndangomvetsera.

Nkhani ya mwini munda ndimayesa ikathera kubwalo. Ayi. Apongozi adikira mdima, atenga tochi, apita okha. Pobwera angouza alamu kuti munthuyo agula chitini cha guluu akagulitsa nandolo, ndipo dzina lake lisamveke kumpope. Alamu ang'ung'udza kuti n'kumulekerera. Amayi awo ayankha: "Ukamuchititsa manyazi lero, mawa akatemanso adzakwiriranso."

Lachitatu

Denga ndaliona m'mawa. Malata atatu ndi phaso limodzi, basi.

Kenako ndaperekeza kamdzukulu ka pakhomo pano ku mkombaphala. Ndi kanyumba ka zidina zosapaka, mkati mphasa ziwiri, zilembo zolembedwa ndi makala pa makatoni. Alezi ndi amayi awiri, ndipo ophika phala amasinthana makolo. Chimanga amasonkha pokolola, china chimachokera m'kamunda kamene amfumu adapereka. Lero linali phala la mgaiwa lothira nsinjiro, shuga mulibe. Mayi wogawa amadziwa mwana amene wabwera osadya dzulo lake, ndipo ameneyo amamuwonjezera chipande mwakachetechete, anzake ali kalikiliki kupemerera lawo.

Panja, pansi pa mtengo wa mango, panali sikelo. Mlangizi wa zaumoyo wapachika sikelo yake pa nthambi, ana akulira m'kabudula wopimira, iye akulemba m'mabuku achipatala. Iyeyu ndi wa boma, amalandira pa mwezi. Koma amene adayenda khomo ndi khomo dzulo kukumbutsa amayi za sikelo, amene amadziwa kuti uje sanabwere chifukwa mwamuna wake wamuletsa, ndi anthu ongodzipereka. Popanda iwo mlangiziyo akanakhala yekha pansi pa mango.

Mmodzi wa alezi aja alinso mu mamaza gulupu ya pasukulu ya pulayimale. Amasoka nsalu zoti atsikana azigwiritsa ntchito akakhala kumwezi kuti asamajombe, ndipo mtsikana akasowa m'kalasi sabata yathunthu amamulondola kwawo. Akuti chiwasinthireni malamulo a dziko mu 2017, kuti wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangakwatiwe, ali ndi poyambira polankhula ndi makolo. Koma lamulo silipereka yunifolomu kapena sopo. Mtsikana akabwerera kusukulu, zimenezo zimachoka m'thumba mwa amayi omwewa, nthawi zina kudzera ku banki mkhonde yawo.

Pali chimene chandinyansa, ndipo ndichinena. M'mbali mwa msewu wa kuno muli zikwangwani zambirimbiri za mabungwe, zina zadzimbiri, zonena za ntchito zimene zidatha kalekale. Alezi andiuza kuti kukamveka maphunziro a ku boma, a alawansi ndi fanta, mayina amene amapita ndi a anthu amene sadagwirepo mthiko wa phalali. Akabwerako ndi malaya olembedwa uthenga, osaonekanso. Sindikunena kuti mabungwe sathandiza, mijigo ndi midadada ya sukulu tikuiona. Koma chizolowezi cholipira munthu chifukwa chokhala pa mpando, n'kusiya wogwira ntchito tsiku ndi tsiku chimanjamanja, chawononga zambiri m'midzi. Ndawafunsa chimene sasiyira. Wamkuluyo wati adasiyapo chaka china, koma ana ankabwerabe m'mawa n'kumakhala pakhonde pake ndi makapu.

Lachinayi

Ndimati ndipite ku Chitakale kukagula malata, koma usiku kwamveka mfuu. Agogo ena a kumunsi atisiya. Pamudzi pakagwa zovuta palibe amene amapita kwake, ndipo nthambi zaikidwa kale pamsewu.

Pamaliro m'pamene umaona mmene mudzi umayendera. Kusanache adzukulu anali atapita kale kumanda ndi makasu. Atsikana azungulira makomo ndi lichero kutolera ufa, anyamata nkhuni. Amayi a Mvano afika ndi yunifolomu zawo n'kulowa m'nyumba ya siwa, nyimbo osadukiza. Wina wakhala pa kathebulo ndi kope kulemba chipepeso. Palibe amene walamula mokweza mawu, aliyense akudziwa pake. Ine monga mkamwini andipatsa nkhwangwa, ndipo matuza ndili nawo.

Amfumu a mudzi uno ndi amayi, zimene sizachilendo kuno kumene mbumba imatsata kuchikazi. Banja loferedwa linalibe ndalama ya bokosi. Ndawaona akuitanira pambali kalipentala ndi akuluakulu awiri a mpingo, akambirana chapansipansi, ndipo pofika masana matabwa anali akukhomedwa. Alamu andinong'oneza kuti matabwawo ndi amene amfumu adasungira chitseko cha nyumba yawo.

Titabwera kumanda ndapita kukawalonjera, poti mlendo sagona m'mudzi mwini wake osadziwa. Ndakhala pansi, ndawomba m'manja. Andifunsa kwathu ndi ntchito yanga, kenako ayamba okha kudandaula mwanthabwala. Akuti mfumu ndi dzala, aliyense amataya pomwepo. Mbuzi yadya chinangwa cha wina, kwa amfumu. Banja lamenyana pakati pa usiku, kwa amfumu. Mayina a Mtukula Pakhomo kapena a feteleza wotsika mtengo akatuluka, salemba ndi iwo okha, koma wotukwanidwa ndi iwo. Mswahala umene amalandira akuti umathera kuphikira alendo obwera ndi milandu.

Sikuti mafumu onse ali chonchi. Pamaliro pomwepo anthu amanong'onezana za mfumu ina ya kutsidya imene chithandizo chikabwera chimayambira kwa alongo ake n'kuthera kwa adzukulu ake. Anthu amadziwa kusiyanitsa, ndipo amaonetsa pa tsiku la chitukuko: kwina akaitana kuumba njerwa za sukulu kumadzaza, kwina kumabwera anthu asanu.

Lachisanu

Malata ndagula m'mawa n'kuwatumiza pa kabaza, ine n'kupitirira msewu wa ku Muloza kukaona azakhali a akazi anga cha ku Limbuli. Msewuwu umadutsa m'minda ya tiyi, phiri lili kumanzere, ndipo lero kunayera. Zipsera za namondwe wa Freddy zikuonekabe, mikwasa yotuwa yotsika kuchokera pamwamba, pamene nthaka idakokoloka n'kusiya thanthwe. M'mitsinje ina muli miyala yoposa nyumba kukula pamene kale panali madimba.

Freddy adafika kuno pakati pa Malichi 2023, atazungulira panyanja masabata oposa asanu, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre ndiwo ena mwa maboma amene adakhudzidwa koopsa. Akuluakulu a kuno amati napolo, ndipo amakumbukira wa ku Phalombe wa mu 1991, koma akuti uyu adaposa.

Azakhali andiitanira neba wawo, bambo wa mu komiti ya mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Wabwera ndi wenzulo m'thumba la malaya, akuti sayenda osaitenga. Usiku umenewo, mvula itagwa masiku osaleka, adamva mtsinje ukulira mwachilendo, miyala ikugundana pansi pa madzi. Adayamba kuliza wenzuloyo akugogoda zitseko kuti anthu athawire kusukulu, imene ili pokwera. Ena adamvera. Ena adakana, ankaopa kusiya mbuzi ndi chimanga poti akuba nawo sagona. Sadafune kufotokoza zambiri za okanawo, ndipo sindinamukakamize.

Chimene wafotokoza mwatsatanetsatane ndi za kusukuluko. Milatho itaduka, chithandizo chidatenga masiku chisanafike. Iwo okha adagawa makalasi, amayi ndi ana kwawo, amuna kwawo. Adalemba aliyense m'kope la mwana wasukulu. Amene nyumba zawo zidatsala adabweretsa ufa, makaka ndi mapoto. Anyamata adakumba zimbudzi zoonjezera chifukwa nthawi imeneyo kolera inali itavuta kale m'dziko muno. Magalimoto a chithandizo atafika, kope lija ndilo lidagwira ntchito, poti obwerawo sankadziwa munthu ndi mmodzi yemwe. Kopelo akadali nalo, lili m'jumbo, masamba ake adafufuma ndi chinyezi.

Chimene chikumudetsa nkhawa pano n'chakuti anthu ena abwerera kukamanga m'mbali mwa mtsinje momwe muja. Ndamufunsa ngati sawaletsa. Wati, "Achimwene, ndiwauze apite kuti? Kumtunda ndi nkhalango ya boma, kumunsi ndi tiyi." Ndiye chimene amachita n'kuonetsetsa kuti khomo lililonse likudziwa njira ya kusukulu ngakhale mumdima.

Chakumadzulo azakhali andionetsa kamunda kawo ka tiyi. Alimi ang'onoang'ono a dera lino ambiri ali mu bungwe la Sukambizi, limene limagulitsa masamba ku Lujeri ndipo lili mu ndondomeko ya Fairtrade, ya malonda okomera alimi. Ndalama yapamwamba imene imabwera m'ndondomekoyi sagawana m'manja, alimi amakambirana pamsonkhano chitukuko choti ipange. Azakhali akuti misonkhano yake imakhala yaphokoso, aliyense akukokera kwawo, koma sajomba. Andiphikira kalongonda, amene akuti anali pamoto kuyambira dzulo.

Loweruka

Alamu analibe alendo lero, ndiye anditengera ku Likhubula. Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili pa mamita 3,002, ndamusiyira eni miyendo. Ine ndathera pa Dziwe la Nkhalamba, ndipo madzi ake ndangowaviika phazi n'kulibweza msanga.

Onyamula katundu ndi operekeza alendo ali ndi dongosolo lawo. Amatsata mndandanda kuti ntchito isamangogwera amene ali ndi foni yabwino ndi Chingerezi chambiri, ndipo mnzawo akavulala kapena akaferedwa amasonkha. Mlendo akasochera m'phiri, oyamba kukwera kukamufuna ndi iwowa. Chaka chilichonse kumakhala mpikisano wawo wothamanga, wa makilomita oposa 20, kukwera m'phiri mpaka ku Chambe n'kudzatsikanso. Alamu amathamanga nawo, ndipo akuti amayi ena a nkhuni amawapitirira opanda nsapato.

Pobwerera tadzera pa nazale ya sida, mkungudza wa ku Mulanje. Mtengo umenewu ndi wa fuko lathu, mwachilengedwe umamera m'phiri lino lokha, ndipo pofika 2017 ofufuza adangopeza mitengo ikuluikulu 7 yokha, ina yonse itachekedwa. Magulu a m'midzi, mothandizana ndi a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi a zankhalango, amafesa mbewu m'machubu n'kudzanyamula mbande pamutu kukabzala pamwamba. Mayi amene tamupeza akuthirira wati chowawa ndi moto. Mbande yasamalidwa chaka chathunthu, wosaka mbewa kapena wootcha makala n'kuyatsa tsiku limodzi. Miyezi ino amakwera kukalambula njira zotchinga moto. Wandiuzanso mosabisa kuti ena ocheka matabwa usiku ndi ana a m'midzi yomweyi, ndipo amawadziwa, ena ndi abale ake.

Mu 2025 bungwe la UNESCO lidaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Alamu akuyembekeza kuti alendo achuluka. Mayi wa nazale sanayankhepo, amafuna wina amugwirire kheni.

Malata takhoma madzulo, ine pansi kuperekera misomali.

Lamulungu

Titaweruka kutchalitchi kunali msonkhano wa mpope pabwalo la amfumu, wosankha komiti yatsopano. Apongozi adanena kale pakhomo kuti ulendo uno akutula, maso ayamba kuvuta ndipo atopa kutchedwa wouma mtima ndi anthu amene sapereka.

Awerenga ndalama zonse poyera, zolowa ndi zotuluka, n'kuika zotsala pa mphasa kuti aliyense aone. Bambo wina wafunsa za thumba la simenti, amuonetsa lisiti. Kenako anena mawu awo otula. Anthu angoti zii. Amfumu afunsa amene angalandire buku, ndipo aliyense wayamba kuyang'ana zala zake. Mayi wina watchula mtsikana amene adalemba mayeso a fomu 4 chaka chatha, koma ena akana, ati ameneyo akapeza ntchito kapena banja m'tauni apita ndi buku lomwe.

Zatha mwa mtundu wina. Apongozi apitiriza chaka chimodzi, mtsikanayo azilemba, iwo azisunga ndalama ndi makiyi. Avomera nkhope ili gwa, koma ndaona kuti pobwerera buku ananyamula ndi mtsikana uja, iwo akumulozera tsamba la timitanda. Bambo wokonza mapaipi naye wapempha anyamata awiri oti aziyenda naye, poti mawondo ayamba kukana zitunda. Wapezeka mmodzi.

Ine ndimayesa ndangokhala woonerera, koma amfumu atseka msonkhano ndi kunena kuti akamwini a ku tauni ali pano, ndipo ku Limbe zipangizo n'zotsikirapo mtengo. Andilembera pa kapepala: masoketi anayi, guluu chitini chachikulu, mitu iwiri ya mpope yachitsulo osati yapulasitiki. Ndalama andiwerengera pamaso pa anthu, ndipo apongozi andisainitsa m'buku. Katunduyo ndikamupatsira kondakitala wa minibasi Lachitatu, alamu akamulandirira pa Chitakale, lisiti likhale m'katimo.

Mawa ndinyamuka ndi yoyamba, ulendo uno ya Midima. M'chikwama muli nandolo wamuwisi, makaka ndi mapeyala amene sindikudziwa ngati afike osaphwanyika.